Msiyeni Alire

Linali Lachinayi la kumapeto kwa mwezi wa Julaye, ndipo ine ndinali nditakhala pa njerwa kuseri kwa khitchini ya pachipatala, ndikusenda nsawawa zaziwisi za ndiwo. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Tsikulo ndinalilemba m'kope langa, monga ndimalembera masiku anga onse mpaka pano pamene ndili Fomu 4, koma ngakhale kopelo likanadyedwa ndi chiswe, sindikanaliiwala.

Nthawi imeneyo amayi anali oyembekezera mlongo wanga Pempho, yemwe tsopano ali Sitandade 1 ndipo ntchito yake ndi kujambula magalimoto m'mabuku anga. Mudzi wathu uli kuseri kwa mapiri, ndipo msewu wake ngakhale njinga yamoto imafika ikudandaula. Choncho anamwino anauza amayi kuti mwezi wotsiriza akakhale pafupi ndi chipatala cha mishoni, m'nyumba ina yaitali imene amayi oyembekezera amadikiriramo nthawi yawo. Nyumbayo timaitcha chidikiro. Mayi aliyense amapita ndi womusamalira, amene kuchipatala amamutcha gadiyani. Bambo anali akucheka matabwa ku Phiri la Dedza. Amayi aang'ono anali ndi khanda, ndipo anati abwera nthawi ikayandikira. Sukulu tinali titatsekera. Motero gadiyani ndinakhala ine, wophika, wotunga madzi ndi wochapa.

Dzina langa ndine Sesiliya, koma ndi ochepa amene ankandiitana choncho. Kusukulu ankati Chete. Aphunzitsi akandiloza, yankho ndinkalidziwa ndithu, koma linkakakamira pakhosi ngati mbatata yodyera popanda madzi. Mlendo akafika kwathu ndinkagwada, nkupereka moni woti amamva ndi nyerere zokha. Dzinali linanditsatira mpaka kuchidikiro, ndipo sindikudziwa kuti analinyamula ndani.

Kwathu mtsikana yemwe sanakule sayenera kudziwa kumene ana amachokera. Amayi onse aja, mimba zili kutsogolo ngati mitsuko, ankanena pamaso panga kuti abwera kudzagula ana. Ine ndinkadziwa zoona zake, iwonso ankadziwa kuti ndikudziwa, koma tonse tinkasunga mwambo. Amene ankasangalala kwambiri ndi sewero limeneli anali a Nabanda, mayi wogulitsa tomato pamsika wa Mayani, amene anali pa mimba yachisanu ndi chimodzi. Mawu awo anali a pamsika, ofika kutali osatopa. Anzawo anawasankha kukhala oyang'anira za kusesa ndi za nkhuni, ndiye aliyense ankawatcha atcheya.

"Iwe Chete," ankatero m'mawa ndikudutsa ndi ndowa, "uwauze amayi ako asakatenge mwana wotchipa. Otchipa aja amalira usiku wonse. Ine ndagulapo asanu, onse otchipa, taona mmene ndaonderamu."

Sanali oonda ngakhale pang'ono. Amayi onse ankaseka, ine nkumayang'ana zala zanga za kumapazi.

Ndikukumbukira kuzizira kwa m'mawa wa kumeneko. Chifunga chinkatsika m'mapiri nkuphimba bwalo lonse, moti zitenje zoyanika zinkaoneka ngati anthu aima pamzere. M'khitchini munkanunkha utsi wa nkhuni za paini, wokoma kumphuno koma wowawa m'maso. Dzuwa likangosuzumira, ankatulukira anamwino aakulu, mayi wamfupi wovala juzi yobiriwira pamwamba pa yunifolomu. Dzina lawo lenileni silinkamveka, chifukwa mawu awo oyamba tsiku lililonse anali akuti "fulumirani", ndiye anangosanduka a Fulumirani. Ankawayendetsa amayi onse kukwera kamtunda ka kuseri kwa tchalitchi ndi kutsikanso, kuti matupi asaume, ndipo poyendapo ankaimbitsa nyimbo imene anaipeka okha. Iwo ankatsogolera, amayi nkumavomera mawu amodzi:

Mutu ukalasa, nena!
Miyendo ikatupa, nena!
Mwana akaleka kusewera, nena!
Magazi ukawaona, nena, nena, usadikire!

Atcheya ankavina nayo nyimboyi, nkumawonjezera zawo. "Bambo akaleka kutumiza ndiwo, nena!" Ine ndinkatsatira kumbuyo ndi botolo la madzi a amayi. Sindinkaimba, koma mawu onse ndinkawadziwa. Pa mzere woyamba uja ndinkawayang'ana amayi, chifukwa masiku amenewo anali atayamba kumanga mpango mothinitsa kwambiri pamphumi. Nditawafunsa anati, "Ndi utsi wa painiwu. Usakauze munthu, angati tabwera ndi matenda athu kudzavutitsa anthu." Ndinavomera. Kusunga mawu inali ntchito imene ndinkaidziwa kuposa zonse.

Panali anthu awiri ena amene sankaimba. Mmodzi anali a Rozina, mayi wachitsikana wa maso aakulu, wochokera kutsidya kwa malire, ku Mozambiki. Wina anali gadiyani wawo, apongozi awo a Nasibeko, gogo wamtali wouma ngati nsungwi. Ankalankhula Chichewa ngati chathu chomwe, pakuti malire a kwathu ndi msewu chabe, ndipo maliro ndi maukwati timayenderana. A Rozina anandiuza kuti chipatala cha m'dera lawo chinawotchedwa nthawi ya nkhondo iwo asanabadwe, ndipo kufikira nthawi imeneyo panali makoma okha, mobisalamo mbuzi mvula ikamagwa. Mwana wawo woyamba anabadwira m'nyumba, ndipo sanalire. Ndi chifukwa chake amuna awo anakakamira kuti ulendo uno akachirire kuchipatala, nawakweza panjinga mpaka kudzawasiya pachidikiro. A Nasibeko anabwera chifukwa mwana wawo anawapempha, koma mtima wawo unatsala kumudzi. Nyimbo ikayamba ankayang'ana kumbali.

"Ife tinabereka popanda nyimbo," anatero tsiku lina, osayang'ana munthu.

"Ndiye chifukwa chake simuseka, agogo," anayankha atcheya. "Bwerani kuno ndikuphunzitseni kudula chiuno."

Koma ndinaona kuti madzulo ake gogoyo anawapatsa atcheya nkhuni ziwiri zouma bwino.

Ine ndi a Rozina tinagwirizana msanga, mwina chifukwa panalibe wokakamiza mnzake kulankhula. Tinkakhala pa njerwa zija kuseri kwa khitchini, pamene dzuwa linkafika mphepo osafika. Ankandiluka tsitsi ndi ulusi, modekha, osakoka ngati mmene ankachitira amayi. Tinkatha nthawi yaitali popanda mawu. Tsiku lina anangoti, "Iwe ndi ine tikanakhala nkhuku, bwenzi atatidya kale poganiza kuti tikudwala chitopa." Ndinaseka mpaka ulusi unamasuka.

Lachinayi lija linali tsiku la sikelo, pamene amayi onse ankapita pakhonde la chipatala kukayezedwa. Amayi anga anandisiya kuti ndikonze ndiwo. Ndinadabwa kuona a Rozina akubwera kudzakhala pafupi nane, chifukwa nawonso ankayenera kukhala pamzere. Ndinamva a Nasibeko akuuza atcheya kuti mpongozi wawo atsatira akamaliza kuchapa. Koma panalibe chochapa. A Rozina anatapa nsawawa m'lichero langa nayamba kusenda.

Ankasenda ziwiri zitatu, kenaka nkuima. Ankayang'ana khoma ngati pali chinthu cholembedwapo, milomo ataitseka zolimba, mpweya ukutuluka m'mphuno. Pakapita kanthawi ankayambanso. Ulendo wina ataima choncho, ndinaona madzi obiriwira akutuluka pakati pa zala zawo. Anali atafinya nsawawa zonse zimene zinali m'dzanja. Kunja kunkazizira moti ine ndinali nditafunda chitenje pamwamba pa juzi, koma iwo thukuta linali litandanda pamphuno.

"A Rozina, mukudwala?" ndinafunsa.

"Senda nsawawa, Chete."

Nthawi yomweyo a Nasibeko anatulukira ndi ndowa ya madzi. Anandiyang'ana, nayang'ana mpongozi wawo, nkutula ndowa ija pang'onopang'ono.

"Iwe mwana, maso akowo uwasunge," anatero motsitsa mawu. "Zimene ukuona pano ndi za akuluakulu. Matenda awa akayamba sauzidwa kwa anthu. Pano pali anthu a mitundu yonse, sitikudziwa mitima yawo. Wina akamva, amanga mimbayi, ndipo mlandu udzakhala pa iwe. Mkazi amalowa m'chipinda chochirira chija mwana atafika pakhomo. Ukapita msanga, amakung'amba."

A Rozina anandigwira pabondo. Dzanja lawo linali lozizira ngati mwala wa kudambo. "Usanene, mng'ono wanga," anatero. "Ndipirira. Apongozi angawa akudziwa nthawi yake."

Ndinagwedeza mutu. Munthu wamkulu anali atalankhula, mnzanga anali atandipempha, ndiponso nkhaniyo inali ya mtundu umene ine sindinkayenera ngakhale kuidziwa. Ndinapitiriza kusenda. Kuchokera pakhonde kunkamveka kuseka kwa atcheya ndi kulira kwa chitsulo cha sikelo. Khwangwala anatera padenga la khitchini nayamba kuyendayenda pamalata. Chimene chinkandiopsa kwambiri chinali chakuti a Rozina sankatulutsa mawu aliwonse, ngakhale kubuula. Ine ndimaidziwa mitundu ya kukhala chete, chifukwa ndi kwathu. Pali chete wa manyazi, pali chete wa mtendere ngati uja tinkakhala naye polukana tsitsi. Uyu anali wina.

Kenaka a Rozina anati akufuna kupita kubafa. Apongozi awo anawagwira m'khwapa kuti adzuke. Atadzuka, ndinaona njerwa imene anakhalira. Inali yofiira kuposa mmene njerwa imakhalira, ndipo inkanyezimira. Magazi ena ankatsika kumwendo mpaka kuchidendene, nkumalowa mu silipasi. Lichero langa linapendekeka, nsawawa zina nkugubuduzika kukaima momwemo. Ndinayang'ana nkhope ya a Rozina. Milomo yawo inali itayera ngati phulusa.

A Nasibeko nawonso anaona. Anavula chitenje chawo chapamwamba mofulumira nkuphimba njerwa ija.

"Si kanthu," anatero, koma mawu awo sanali olimba ngati poyamba. "Zimachitika. Iwe khala pompo."

M'mutu mwanga munalibe nzeru ina iliyonse koma nyimbo ija. Mizere ina yonse inali ndi "nena" mmodzi. Wotsiriza wokha unali ndi awiri.

Sindikukumbukira kudzuka. Ndimangokumbukira miyala ya pabwalo ikundilasa kumapazi, ndi mawu a gogo aja kumbuyo kwanga akuti, "Iwe! Iwe mwana!" Pakhonde panali podzaza. Mbali ina kunali amayi a kuchidikiro ndi ena ochokera m'midzi, mbali ina kunali benchi ya odwala wamba, pamene panakhala azibambo ndi zipewa zawo, ena atafunda mabulangete. A Fulumirani anali atakhala patebulo, akukulunga mkono wa mayi wina ndi kalamba koyezera kuthamanga kwa magazi. Ndinakaima pambali pawo.

"Inde, Chete? Fulumira, ukuona mzerewu."

Ndinatsegula pakamwa. Palibe chinatuluka. Maso onse a pakhonde anatembenukira kwa ine. Ndinagwira juzi yawo yobiriwira nkuikoka pang'ono.

"Musiyeni, wabwera kudzafunsa mtengo wa mwana," anatero atcheya, khonde lonse nkuphulika ndi kuseka. Amayi anga anandiyang'ana ndi maso aja otanthauza kuti choka apo usandichititse manyazi.

Ndinaganiza za azibambo a pabenchi aja, ndi mawu amene ndinkayenera kutchula pamaso pawo. Ndinaganiza za mlandu umene agogo anati udzakhala pa ine. Kenaka ndinaona m'maganizo mwanga nsawawa zija zitaima pofiira paja. Ndinatsinzina.

"A Rozina akutaya magazi kuseri kwa khitchini! Matenda anayamba kalekale ndipo akubisa!"

Sindinkadziwa kuti mawu anga angakule chotero. Anagunda malata a khonde nkubwerera. Nditatsegula maso, kuseka konse kunali kutazima. Bambo wina wachikulire anali atavula chipewa chake nkumayang'ana mkati mwake ngati wataya kanthu. A Fulumirani sananene kuti fulumirani. Anangosiya kalamba kaja kali lende pamkono wa mayi uja, nakuwira mnzawo kuti abweretse mpando wamatayala, nkuthamanga. Atcheya anawatsatira, akuthamanga chopendama ngati bakha, dzanja limodzi atagwira mimba, lina chitenje.

Tinawapeza a Rozina atatsamira khoma la bafa, miyendo ikukana. A Nasibeko anaima patsogolo pawo atatambasula manja. Ndinkayembekeza kuti anamwino awakalipira, chifukwa kukalipa ankakudziwa. Koma anawerama pang'ono monga mwana amachitira pamaso pa kholo.

"Agogo, munachita bwino kumubweretsa mwanayu kuno," anatero. "Ntchito yaikulu munaigwira kale. Tsopano ndithandizeni kumukweza pampandowu, ine ndekha sindingathe."

Gogoyo anaima kanthawi kochepa. Kenaka anatsitsa manja, nagwira mpongozi wawo m'chiuno. Podutsa pamene ndinaima, sanandiyang'ane. Anangoti, "Mwana wopanda mwambo."

Chibadwire panalibe munthu amene anandinenapo mawu amenewo. Ndinabwerera pa lichero langa nkuyamba kulira.

A Rozina analowa nawo ku fiyeta, chipinda chochitira opaleshoni. Sikelo inaima. Amayi a kuchidikiro anasonkhana pa udzu pafupi ndi khomo, ena atatulutsa makolona. Amayi anga anabwera kuseri kwa khitchini, nakhala pansi movutikira pafupi nane. Ndinkaganiza kuti andikalipira chifukwa cha mawu amene ndinatchula pamaso pa azibambo. Anandipukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje chawo.

"Mawu onse aja unkawasunga kuti?" anafunsa.

Atcheya anali atafika kale kumbuyo kwathu, akupumira m'mwamba. "Amake Sesiliya, mwanayu wakhala akukolola mawu chibadwire, osadyako. Lero nkhokwe yagwa. Ine ndimati pamsika wa Mayani palibe wondiposa, koma uyu ndimulemba ntchito. Tomato wanga azitha dzuwa lisanakwere."

Ndinaseka misozi ili m'masaya. Koma nditasuzumira pakona ya khitchini, ndinaona a Nasibeko atakhala okha pansi pa mtengo wa mkungudza, kutali ndi amayi ena, miyendo atatambasula, opanda chitenje chapamwamba m'mphepo muja.

"Wiritsa tiyi," anatero amayi. "Uwotchenso mbatatesi ziwiri. Ukawapatse."

"Amayi, andithamangitsa."

"Akakuthamangitsa ubwere. Koma upite."

Ndinapita ndi kapu ndi mbale, chitenje cha amayi chili paphewa. Ndinagwada patali pang'ono nkuika zinthu zija pansi. Gogoyo sanatembenuke. Ndinayamba kudzuka.

"Khala pompo," anatero.

Ndinakhala. Anatenga chitenje nafunda, kenaka anagwira kapu ndi manja awiri osamwa. Maso awo anali pa chitseko cha fiyeta. Atayamba kulankhula, zinali ngati akuuza chitsekocho, osati ine.

"Mwamuna wa Rozina ndinamubereka kuphanga. Tinali titathawira kuphiri, mudzi wonse. Pansi asilikali ankawotcha nkhokwe, utsi tikuuona. Matenda anandiyamba m'mawa ngati lero lomwe. Amayi anga anandiika chitenje m'kamwa, nati ukatulutsa mawu watipha tonse. Sindinatulutse. Mwana atabadwa anafuna kulira, ndinamutseka ndi bere, amayi nkutifunditsa bulangete. Akafuna kulira, bere. Akafuna kulira, bere. Mpaka anaphunzira. Tinkamutama kuti ndi mwana wabwino."

Anamwa tiyi pang'ono.

"Tinapulumuka chifukwa chotseka pakamwa. Ine ndi zimene ndikudziwa. Ndi zimene ndinamuphunzitsa Rozina pa mimba yoyamba ija." Anatula kapu pansi. "Ndiye iwe ukubwera ndi kukuwa kwako."

Sindinayankhe. Ulendo uno sikunali chifukwa cha manyazi. Panalibe mawu oti mwana ngati ine nkuwaika pamwamba pa amenewo. Ndinangosenda mbatatesi imodzi, kuchotsa khungu lopserera, nkuwapatsa. Analandira. Tinakhala choncho, mphepo ikuliza nthambi za mkungudza, mthunzi ukusuntha pang'onopang'ono kuchoka pamiyendo pathu.

Dzuwa litapendeka chitseko chinatseguka. A Fulumirani anatuluka atavala kachipewa ka nsalu, naitana, "Gadiyani wa Rozina!"

A Nasibeko anadzuka. Anagwira phewa langa, zala zawo nkulowa mpaka kufupa, ndipo tinayenda limodzi choncho kudutsa pakati pa amayi aja.

"Agogo, mwalandira mdzukulu wamwamuna," anatero anamwino. "Mayi ake ataya magazi ambiri, ndipo akhala masiku ali ofooka, koma ali moyo. Tikanachedwa pang'ono bwenzi tikukamba zina."

Atcheya ndiwo anayambitsa nthungululu. Anamwino anayesa kuwaletsa kuti pano ndi pachipatala, koma nawonso ankaseka. Amayi amene mimba zinali zitawalemetsa mwezi wonse anadzuka pa udzu nkuyamba kuzungulira. Gogo uja sanaimbe nthungululu. Anangomasula phewa langa pang'onopang'ono nkulowa.

Ine sindinkaloledwa kulowa m'chipinda cha amayi ochira. Koma chipindacho chinali ndi mazenera oyang'ana kuchidikiro, ndipo madzulo, dzuwa litakhala pamwamba pa mapiri a kutsidya, tinamva mawu. Kanali kamwana kakang'ono, koma kankalira ngati kambuzi komangidwa pamvula, osapuma, mpaka odwala a chipinda china anasuzumira. Tinapita pazenera, ine ndi atcheya ndi amayi ena. A Rozina anali mtulo, chubu cha madzi chili pamkono. Pampando pambali pawo panakhala a Nasibeko, atanyamula kamtolo ka zitenje kamene kankatulutsa phokoso lonselo. Sankakagwedeza, sankakatonthoza. Ankangokayang'ana m'kamwa.

"Agogo, mwatenga wotchipa uja!" anatero atcheya. "Ndinachenjeza ine. Mutontholeni, atigonthetsa tonse."

"Msiyeni alire," anayankha gogoyo osadzutsa mutu. "Bambo ake sanalire. Alirire onse awiri."

A Nasibeko anadzutsa nkhope. Masaya awo anali onyowa, koma ankaseka, ndipo kanali koyamba kuti ndione kuti anali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo. Anandiona nditasuzumira kuseri kwa mkono wa atcheya.

"Iwe wopanda mwambo, sendera kuno udzamve mnzako wapakamwa." Ndinasendera. "Mawa ubwere ndi tiyi wina. Wa lero unachepa shuga."

Papita zaka tsopano. A Rozina anachira nabwerera kwawo, ndipo ndimamva kuti amayi a m'mudzi mwawo akayandikira nthawi yawo, amene amawaperekeza kudzawoloka msewu kubwera kuchidikiro ndi a Nasibeko, ngakhale nyimbo ija sanayambebe kuimba. Ine manyazi sanandithere. Aphunzitsi akandiloza mtima umagundabe. Koma pali chimene ndinamvetsa tsiku lija, ndipo ndikukula ndikuchimvetsa bwino. Kale ndinkaganiza kuti nkhondo imatha mfuti zikaleka kulira. Gogo uja anandionetsa kuti imatsala m'makoma a chipatala chosamangidwanso, imatsalanso m'kamwa mwa amayi amene anaphunzira kuti kupulumuka ndi kusamveka. Sanali munthu woipa. Ankateteza mpongozi wawo ndi chida chokhacho chimene chinawapulumutsa iwo. Ndipo si kutsidya kokha. Kwathu kuno, kumene sikunagwe nkhondo, umphawi unawaphunzitsa amayi athu chete wofanana, woti usavutitse anthu, usadandaule, ena ali ndi mavuto oposa ako. Chipatala chikhoza kukhala ndi fiyeta, ndi anamwino othamanga, koma ngati mayi ali kuseri kwa khitchini atatseka pakamwa, zonsezo zili kutali ngati kutsidya kwa phiri.

Madzulo a tsiku lomwelo tinaphika nsawawa zimene zinatsala m'lichero. Zinali zochepa, koma atcheya anatipatsa tomato. Tikudya, ndinaona amayi akumasula mpango nkuumanganso mothinitsa, maso atatsinzina.

"Amayi, mutu uja sunasiye."

"Ndinakuuza kuti ndi utsi."

"Mukawauze a Fulumirani."

Anandiyang'ana ngati akuona mwana wa eni ake. "Wayamba liti kulamula amayi ako? Chabwino, ndikawauza m'mawa. Anthu atopa lero."

Lero ndikudziwa kuti ngakhale m'mawawo sitinkayenera kuudikira. Anamwino atawayeza anapeza kuti magazi awo ankathamanga kwambiri, anawagoneka m'chipinda nkuwapatsa mankhwala, ndipo ndi chifukwa chake ndili ndi wondijambulira magalimoto m'mabuku. Koma madzulo amenewo zonsezi sindinkazidziwa. Ndinkangowadziwa amayi anga, kuti akafika patebulo paja adzamwetulira nkunena kuti ali bwinobwino. Ndinatsuka mbale, ndinakhala pakhomo la chidikiro kuwala kusanathe, nkutsegula kope langa. Kamwana kaja kankamvekabe kutsidya kwa bwalo. Pansi pa zonse za tsikulo ndinalemba kuti: Mawa ndiwiritsa tiyi wa agogo, wa shuga wokwanira. Kenaka ndikaima pambali pa amayi patebulo la a Fulumirani, ndipo akapanda kunena za mutu, ndinena ine.